Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chimbale chomwe chinautsa mkangano kutchalitchi kwathu

M'gawo lapitalo tinalekezera pomwe ndinachoka kumudzi n'kudzakhala kwa azakhali anga ku Bangwe, ndikudikira zotsatira za mayeso a Fomu 4. Chinali chaka cha 2010. Ntchito ndinalibe, m'thumba munali mbee, chomwe ndinali nacho ndi mawu oimbira basi. Ndiye ndinalowa kwaya ya achinyamata.

Apa n'kuti Patience Namadingo atatulutsa chimbale chake chachiwiri, Tili ndi Yesu. Choyamba chija, Goseni, cha mu 2007, ambirife chinatidutsa osachimva. Koma chachiwirichi chinabwera ndi nyimbo ya Mtendere, ndipo kothawira kunalibe. Ukakwera minibasi ya ku Limbe, Mtendere. Ukapita kokametetsa, Mtendere. Anyamata okopera anthu nyimbo mumsika ankaiika pa sipika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndimakayika ngati mwiniwake ankaonako kanthu pa ndalama zomwe iwo ankatolera.

Oimba zauzimu tinali nawo kale, a Ethel Kamwendo Banda, a Grace Chinga ndi ena, koma amenewo tinkawaona ngati makolo. Uyu anali mnyamata wamsinkhu wathu, wopeka yekha nyimbo zake, m'Chichewa chomwe timayankhula tikamatunga madzi pa mpopi. Ine mpaka nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti nyimbo ya Mulungu imachokera m'buku basi, yokhala ndi nambala yake. Mwezi womwewo ndinagula kope n'kuyamba kulembamo zanga. Zinali zosalongosoka, koma zinali zanga.

Mkangano unabuka tikukonzekera pepa sande. Tinagwirizana kuti tidzaimbe Mtendere anthu akamaponya ndalama m'mbale. Mkulu wa mpingo wina, bambo wachikulire amene ankayang'anira achinyamata, anatipeza tikuphunzira n'kukhala kumbuyo phee mpaka titamaliza.

"Ana inu," anatero, "nyimbo imene ndikuimva m'mabala ndikamadutsa usiku, ndi imene mukufuna kubwera nayo kuguwa?"

Akwayamasitala athu anayankha mwaulemu, manja ali kumbuyo. "Bambo, ngati oledzera ayamba kutchula Yesu, ife tinkayesa ndi nkhani yabwino."

"Akutchula Yesu kapena akuvina?"

Palibe anayankha. Tsikulo ndinawaona ngati munthu wouma mtima, koma funso lawo silinali lopanda pake. Nkhawa yawo inali yakuti nyimbo ikakoma kwambiri, maso a anthu amapita kwa woimba, uthenga n'kutsalira panjira. Ndaziona zimenezi m'mashowo a nyimbo zauzimu, pomwe anthu amalipira pakhomo n'kutuluka akukamba za nsapato za woimba. Pomwe sindigwirizana nawo mpaka lero ndi poganiza kuti mankhwala ake n'kuletsa.

Akuluakulu atakambirana anatilola kuimba, koma panja, mapemphero atatha. Oyamba kudzuka sanali achinyamata ayi. Anali amayi akuluakulu omwe tinkawaopa aja, zitenje atamanga m'chiuno, nthungululu zili pakamwa. Mkulu uja sanavine, koma anabwera n'kuponya K50 m'mbale, nkhope ili gwa.

Zaka zitapita, cha mu 2020, Namadingo atayamba kuimba limodzi ndi a Lucius Banda, Black Missionaries ndi agogo athu a Giddes Chalamanda, pa Facebook panadzaza anthu onena kuti mnyamatayu wagwa, wabwerera kudziko. Ena mwa olalatawo anali anzanga a m'kwaya ija, omwe anaiwala kuti nafenso tinaimbira panja.

Zotsatira zamayeso zitatuluka, masamu anandigwetsa. Azakhali anati za kwaya zithe kaye, ndikabwereze Fomu 4 pa sukulu yamadzulo. Za mmene ndinkathawira m'kalasi Lachinayi lililonse kupita kokaphunzira nyimbo, ndi amene anakandineneza, tidzakamba m'gawo 10.