Zikho za amalume ku Senga Bay

Lachisanu masana msuweni wanga, amene amagwira ntchito pa bala ya loji ina ku Senga Bay, anandiimbira foni. "Iwe, bwera udzaone zimene amalume asema. Utenge juzi, mwera wayamba." Ndinakwera kabaza mpaka pa Kamuzu Road, kenako kagalimoto komwe tinapanikizana ngati usipa m'chigoba.

Amalume akhala akusema ziboliboli m'mbali mwa msewu wopita kunyanja kuyambira ndili kamwana: mvuu, njovu, bawo, mipando ya mafumu. Ulendo uno alendo ochokera ku America anawaonetsa zithunzi pafoni n'kuitanitsa zikho 12 zokhala ndi nkhope, maso otong'oka, mano onse pamtunda. Akuti dzina lake tiki. Alendowo anali atalipira loji yonse masiku awiri, ndipo bala anaikutira ndi nsungwi ndi makhwatha a kanjedza, ngati kuti ife kuno udzu watithera.

Mayi wina wa m'gululo, wa imvi koma wolimba, anandipatsa mpando n'kuyamba kundisimbira. Ine ndimaganiza kuti zonsezi ndi mwambo wa kuzilumba za Pacific. Ayi ndithu. Zinayambira ku Hollywood mu 1933, pamene lamulo loletsa mowa ku America linkatha, munthu wotchedwa Donn Beach atatsegula bala yokongoletsedwa ngati chilumba cha m'maloto. Chakumwa chawo chotchuka, Mai Tai, mwini bala wina wotchedwa Trader Vic ankati anachipanga ku Oakland mu 1944, ndipo ramu wake anali wa ku Jamaica. Dzina lokha ndiye la ku Tahiti, kutanthauza chinthu chabwino. Chimafuna ramu, ndimu, mowa wotsekemera wa malalanje ndi madzi a shuga a mtedza wa alimondi. Alimondiyo ku Salima mungamupeze kuti? Msuweni anasungunula malambe n'kuthiramo osauza munthu. Alendo anamwa, anayamikira, anaitanitsanso.

Loweruka usiku ndi pamene panali gule amene amati burlesque. Ndisaname, ndinakhala kumbuyo pafupi ndi khomo kuti zikafika poipa ndizembe, chifukwa mawa lake ndimayenera kukaimba kwaya. Anatulukira mayi yemwe uja, atavala diresi lonyezimira ndi magolovesi ofika m'zigongono, m'manja muli zikupizo ziwiri zazikulu za nthenga. Golovesi imodzi yokha anaivula mphindi zitatu, chala chimodzichimodzi, akukoka ndi mano, akutiyang'ana ngati ife ndi amene tachita zachilendo. Anyamata operekera zakumwa maso anali pansi, koma mapewa akugwedezeka ndi phwete. Kenako mwera unalowa, fuu, n'kumulanda chikupizo chimodzi mpaka pamchenga. Mayiyo anaima, anagwira m'chiuno, n'kuikalipira nyanja ndi chala. Apo mpamene ndinaseka mpaka misozi, ndipo mpando wanga unali utasendera kale kutsogolo.

Zovala zinachoka zingapo, osati zonse, ndipo chimene ndinabwera nacho kunyumba ndi nthabwala zake. Atatha anandiuza kuti mawu oti burlesque amachokera ku Chitaliyana, burla, kutanthauza nthabwala, komanso kuti Lydia Thompson atafika ku New York mu 1868 ndi gulu lake la akazi a ku England, ankavala ngati amuna n'kumaseka anthu apamwamba. Ndinakumbukira mayi anga akusimba za lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi. Akanakhalapo usiku umenewo akanafunda chitenje kumutu, koma diso limodzi akanalisiya panja, ndimawadziwa. Komanso zoseka akuluakulu povina ife sitinaphunzire kwa Lydia. Amene anaonapo Simoni wa nkhope yofiira akutuluka kudambwe, kapena anyamata a mganda akuguba monyada ngati asilikali a atsamunda, akudziwa.

Lamulungu m'mawa kwaya ndinaijomba. Amalume anabwera kudzatenga ndalama zawo, ndipo bambo wina wa m'gululo anawaonetsa chithunzi cha chigoba cha gule wamkulu, n'kupempha kuti amusemere chikho chotero choti akamweremo kwawo. Ine ndinali womasulira. Amalume anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Muuze kuti zimenezo sizimwerwa mowa."

Bamboyo anawonjezera mtengo kawiri. Amalume anapukusa mutu, kenako anafunsa kuti nanga nkhope zimene anasema zija ndi za ndani. Mayi uja anayankha yekha kuti kwa Amaori a ku New Zealand, Tiki ndi munthu woyamba kulengedwa.

"Mphwanga," anatero amalume akundiyang'ana, "ndiye kuti sabata ziwiri zonsezi ndakhala ndikuboola mutu wa kholo la eni ake?"

Chimenecho sindinamasulire. Ndalama analandira, anawerenga kawiri, anagula chambo ziwiri kwa asodzi n'kundipatsa imodzi. Chikho chimodzi chinali chitang'aluka pakamwa, alendo anachisiya. Pobwerera ndinadutsira pa shedi yawo ndipo ndinachiona pa alumali, pakati pa mvuu ndi bawo, nkhope ataitembenuzira kukhoma.