Zikomo anthu akwathu, mabuku apulumuka

Ine ndimagwira ntchito pa kalaibulale kathu kakang'ono kuno ku Mangochi, chipinda chimodzi basi, mashelefu anayi ndi mabenchi. Lachiwiri usiku chimvula chija cha mphepo yochokera kunyanja chinasasula malata awiri, ndikufika m'mawa madzi ali thoo pansi, mtima unangoti myuu poganiza mabuku a Fomu 4 aja, ana athu akukonzekera MSCE ndipo ambiri kunyumba alibe olo buku limodzi.

Ndiye ndati ndithokoze pagulu. Anyamata a kabaza pa siteji, munasiya makasitomala nkumanyamula makatoni a mabuku kupititsa ku madrasa, a Shehe atatitsegulira chipinda osafunsa zambiri. Amayi ogulitsa usipa inu ndiye munandigwetsa misozi, kutenga mphasa zanu nkuyanikapo mabuku padzuwa, kumatembenuza tsamba ndi tsamba mpaka madikishonale akuluakulu aja anauma. Ndi bambo ena ongodutsa, dzina sindinawafunse nkomwe, anakwera padenga ndi hamala yawo nkukhoma malata, ndalama anakana kulandira. Bambo, kulikonse muli Mulungu akudalitseni.

A gulupu zikomonso chifukwa cha misomali. Mabuku 9 okha ndi amene awonongeka, enawo tabweza m'mashelefu. Loweruka tikutsegula 8 koloko, ana abwere adzawerenge.