Lipoti la Ulendo wa Komiti ya Zomangamanga ku Tchalitchi cha St Michael ku Blantyre

Abusa, akulu a mpingo ndi Akhristu nonse a mpingo wathu kuno ku Chipata, lipoti ili ndi la ulendo umene munatituma ife a komiti ya zomangamanga, pamodzi ndi amisiri athu komanso amayi ena a Chigwirizano, kuti tikaone tchalitchi cha St Michael and All Angels mumzinda wa Blantyre ku Malawi. Monga mukudziwa, nkhani ya tchalitchi chathu chatsopano yakhala ikuima pa funso limodzi, loti kodi timange ndi njerwa zootcha zoumba tokha kapena tigule mabuloko a simenti, ndipo akuluakulu anaona kuti nkwabwino tikaone ndi maso athu nyumba ya njerwa imene yakhala chiimire zaka zoposa 130.

Tinanyamuka mbandakucha, ndipo titadinditsa zitupa pachipata cha Mwami tinadzera ku Mchinji, Lilongwe, Dedza ndi Ntcheu, kenaka tinaoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa nkufika ku Blantyre dzuwa litapendeka. Abale athu a CCAP anatilandira bwino kwambiri, ndipo amayi a Mvano ndiwo anasamala za chakudya ndi malo ogona.

Mmawa mwake mkulu wa mpingo wina, amene anapatsidwa udindo wotiyendetsa, anayamba watikhazika pansi pabwalo kuti atifotokozere mbiri ya malowo. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland, pamalo amene Henry Henderson anasankha m'dera la mfumu Kapeni, ndipo dzina lake linachokera kumudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Mzinda wonse umene tikuutchula lero kuti Blantyre unatengera dzina ku mishoniyo. Mbusa David Clement Scott anafika mu 1881, ndipo ndiye anatsogolera ntchito yomanga tchalitchichi kuyambira mu 1888 mpaka pamene anachipatula pa 10 May 1891, chaka chomwe Angerezi analengeza kuti dzikolo lili m'manja mwawo. Ife a kuno tinayerekeza ndi mbiri yathu, ndipo tinapeza kuti nyumbayi inatha Mpezeni, mfumu ya Angoni, asanagonjetsedwe mu 1898, komanso amishoni a Dutch Reformed asanafike ku Magwero mu 1899. Pamene makolo athu ankamva uthenga koyamba, anzathu a kumeneko anali atapemphera kale m'nyumbayi zaka 8.

Chimene chinatigwira mtima tonse nchakuti Scott sanaphunzirepo luso la zomangamanga, ndipo panalibe pulani yathunthu yojambulidwa papepala ntchito isanayambe. Anthu amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha mu uvuni ndi kuziyala anali anthu a m'midzi yozungulira, amene anali asanaonepo nyumba yotere chibadwire. Njerwa zonse zinaumbidwa pomwepo, ndipo akuti pali mitundu 81 ya njerwa zosiyana maonekedwe, zina zokhota, zina zosongoka, zina zokhala ndi zokongoletsa, kutanthauza kuti panafunika kusema zikombole zosiyanasiyana. Mmisiri wathu wamkulu, bambo amene atimangira nyumba zambiri kuno, anazungulira khoma lakunja akusisita njerwa ndi dzanja, natiitana kuti tione mmene zipilala ndi makomo okhota pamwamba akhalira popanda zitsulo za konkire zimene ife timadalira masiku ano. Anatilongosolera kuti pakhomo lokhota chotero njerwa iliyonse imatsamira inzake, kotero kuti kulemera kwa khoma kumatsikira m'mbali mpaka ku maziko, ndipo njerwa imodzi ikaikidwa mopendeka khomo lonse limachita mng'alu. Iwo anati munthu woyala njerwa motero sangatchedwe wongothandizira mzungu, koma mmisiri weniweni, ndipo ine ndikugwirizana nawo kwathunthu.

Nyumbayi si yaikulu monga ena a ife tinkaganizira. M'litali ndi mamita pafupifupi 32, m'lifupi mamita 9, ndipo mpingo utakula anamanga nyumba ina yaikulu pafupi pomwepo. Koma munthu ukalowa, maso amangokwera okha kutsata zipilala mpaka kudenga lozungulira ngati mphika wovundikira, ndipo kuwala kolowera m'mawindo a magalasi amitundumitundu kumachititsa kuti munthu atsitse mawu popanda womuuza. Amayi a Chigwirizano anapempha kuti aimbe nyimbo imodzi, ndipo amayi a Mvano amene tinali nawo anailandira osaphunzitsidwa, pakuti nyimbo zambiri zimene timaimba kuno ndi zomwezo zimene amaimba kumeneko. M'makoma muli zikwangwani zokumbukira amishoni ndi anthu ena amene anatumikira pamalopo, ndipo tinaziwerenga mwaulemu.

Nsanja ziwiri zakumaso kwa tchalitchi sizofanana, chinthu chimene sindinachizindikire mpaka pamene anatilozera, ndipo pambali pa imodzi pali kansanja kena ka belu kamene mkati mwake muli makwerero ozungulira. Titapempha, anatilola kukwera ochepaochepa, pofuna kusamala nyumbayo, ndipo achikulire amene mawondo amawavuta anatsalira pansi. Njirayo ndi yopanikiza ndi yamdima, moti munthu umakwera phewa likukhudza khoma, phazi likufufuza popondera. Koma mmenemo ndi mmene amisiri athu anaphunziramo zambiri kuposa kunja, chifukwa kunja munthu amaona nkhope ya khoma imene omanga anafuna kuti anthu aione, pamene mkati mwa nsanja umaona ntchito imene omangawo ankadziwa kuti ndi anthu owerengeka okha adzaiona. Ngakhale mmenemo mizere ya njerwa ndi yolongosoka, ndipo khoma limazungulira mosalumpha. Mnyamata wina wa gulu lathu, amene akuphunzira zomanga, anafunsa mmisiri wamkulu kuti, "Bambo, kodi anayeza bwanji kuzungulira kumeneku?" Iwo anamuyankha kuti chingwe ndi chikhomo nzokwanira ngati munthu ali wodekha, ndipo anamulonjeza kuti adzamuonetsa tikabwerera kwathu.

Pamwamba si patali kwambiri poyerekeza ndi nyumba zosanja za mumzinda, komabe munthu umaona bwino denga la tchalitchi, bwalo la mishoni, nyumba za sukulu ya Henry Henderson Institute, ndi mapiri amene azungulira Blantyre, monga Ndirande, Soche ndi Michiru. Apa mpamene funso limene munatituma linatilemera. Phiri la Ndirande, limene lili pafupi kwambiri, mbali yake yaikulu ndi yopanda mitengo, ndipo otilandira anatiuza kuti nkhuni, makala ndi mauvuni a njerwa ndi zina mwa zimene zatha mitengo m'madera ozungulira mzindawo, moti boma la Malawi linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zomanga zikuluzikulu. Tinaima pa nyumba imene ikuchitira umboni kulimba kwa njerwa yootcha, uku tikuyang'ana phiri limene likuonetsa zimene zimachitika aliyense akamadula osabzala. Aliyense wa ife anakumbukira mapiri athu a Chipata, amene nawonso akuyera chaka ndi chaka.

Pali chinthu china chimene chinandipweteka mtima, ndipo ndikuchilemba pano m'dzina langa, osati la komiti. Dzina la Scott limadziwika kwa aliyense wofika pamalopo, ndipo nkoyenera kutero, pakuti anali munthu wokhulupirira kuti Aafirika angathe kutsogolera mpingo, analemba dikishonale ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892, ndipo mwa anthu ophunzira pamishoniyo munatuluka Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Koma amuna ndi akazi amene anasenza dothi, madzi ndi nkhuni kwa zaka zitatu, mlendo amachoka pamalopo osamva maina awo. Zoterezi zilinso kwathu kuno, pakuti ndi ochepa mwa ife amene angatchule anthu amene anaumba njerwa za tchalitchi chimene tikupempheramo panopa, ngakhale kuti ena mwa iwo ndi agogo athu enieni.

Usiku womaliza komiti inakhala pansi ndi kugwirizana zobweretsa kwa inu. Amisiri akuona kuti njerwa zootcha nzotheka, popeza dothi labwino tili nalo ndipo anthu oumba alipo, koma komiti ikupempha kuti uvuni usayatsidwe mpingo usanapeze malo obzalapo mitengo dzinja likubwerali, ndiponso kuti tifufuze mtengo wa njerwa zopsinja ndi makina, zosakaniza dothi ndi simenti pang'ono, zimene sizifuna moto, kuti msonkhano usankhe utamva mbali zonse. Tikupemphanso kuti mlembi atsegule buku lolembamo dzina la munthu aliyense amene adzagwire ntchito pa nyumba yatsopanoyi, kuyambira wotunga madzi mpaka wokhoma denga, ndi kuti achinyamata akacheze ndi okalamba athu kuti alembe zimene akukumbukira za kamangidwe ka tchalitchi chakale.

Abale athu a ku Blantyre anena kuti akufuna kudzatichezera ndi kukaona mishoni za Magwero ndi Madzimoyo, ndipo tikupempha abusa ndi akulu a mpingo kuti atipatse mwezi woyenera kuti tiwalembere kalata yowaitana. Msungichuma adzawerenga za ndalama za ulendowu pamsonkhano wa mpingo ukubwerawu, ndipo zithunzi zimene tinajambula zidzaonetsedwa tsiku lomwelo.