Mmene ndimalimira nandolo pakati pa chimanga

Ndimalima nandolo m'munda umodzi ndi chimanga, monga amachitira alimi ambiri a ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu, ndipo ntchito imayamba ndi kusankha mbewu. Nandolo wa mtundu wa Mthawajuni amakondedwa chifukwa chocha msanga, koma m'munda momwe munagwapo matenda ofotetsa nandolo ndimabzala Sauma, amene anaperekedwa kwa alimi mu 1987, kapena Mwaiwathu Alimi, chifukwa mitundu iwiriyi imapirira matendawa. Kafungasi woyambitsa matendawa amakhala m'nthaka kwa zaka zingapo, choncho kusintha mtundu wa nandolo n'kwanzeru kuposa kuyembekezera kuti vutolo litha lokha.

Mvula yobzalira ikagwa, ndimabzala chimanga ndi nandolo nthawi imodzi pa mizere yotalikirana masentimita 75. Nandolo ndimamuika pakati pa mapando a chimanga, njere zitatu pa phando, mapandowo atatalikirana masentimita 90. Feteleza ndimathira chimanga chokha.

Miyezi yoyambirira ndi imene imafooketsa anthu amene sanazolowere mbewuyi, chifukwa chimanga chikamafika m'chiuno nandolo amakhala akadali wamfupi ndi woonda, moti munthu angaganize kuti walephera. Nthawi imeneyo amakhala akuzamitsa muzu wake waukulu kupitirira pomwe mizu ya chimanga imalekezera, ndipo n'chifukwa chake mbewu ziwirizi sizilimbirana kwambiri chinyezi. Ndikazula chomera chimodzi ndimaona timatuza pa mizu, ndipo ndikatiswa ndi chikhadabo n'kupeza kuti m'kati mwake ndi mofiirira, ndimadziwa kuti tizilombo totenga nayitrojeni, chakudya chofunika cha zomera, mu mpweya tikugwira ntchito. Chofunika pa nthawiyi ndi kupalira mosamala, poti udzu umagonjetsa nandolo wamng'ono mosavuta.

Chimanga chikakololedwa mu Epulo kapena Meyi, nandolo amatambasula nthambi, amapitirira msinkhu wa munthu, kenaka amachita maluwa achikasu. Apa m'pamene zokolola zimapezekera kapena kutayikira. Ndimayendera munda m'mawa kufufuza mbozi zoboola makoko, zimene zimalowetsa mutu m'khoko thupi lili kunja, ndipo zikachuluka ndimapopera mankhwala motsatira malangizo a alangizi a zaulimi. Vuto lina ndi mbuzi, zimene eni ake amazimasula akangomaliza kukolola chimanga. Ine ndimaona kuti mudzi umene mfumu yake sinakhazikitse lamulo losunga ziweto pachingwe mpaka nandolo atakololedwa sungapindule ndi mbewuyi, ngakhale mlimi atalimbikira chotani.

Makoko ena ndimathyola akadali aawisi kuti tiphike makata kapena ndiwo. Otsalawo ndimadikira kuti aume mpaka azilira ndikagwedeza nthambi, kenaka ndimawayanika, kuwapuntha, kupeta ndi kusunga m'matumba osalowa mpweya poopa anankafumbwe. Masamba oyoyoka ndimawasiya m'munda kuti awolerane, ndipo mitengo yake imasanduka nkhuni.

Nandolo wambiri wa ku Malawi amagulitsidwa ku India, kumene mbewuyi inachokera ndipo amaidya kwambiri. Dzikolo litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja mu 2017, mitengo kuno inagwa koopsa ndipo alimi ambiri anasowa kogulitsa. N'chifukwa chake ndimayamba ndapatula wakudya ndi wa mbewu ndisanapite kumsika. Zomera zathanzi ndimazidula pamsinkhu wa m'mabondo kuti ziphukire ndi kuberekanso chaka chotsatira, koma zimene zinaonetsa kufota ndimazizula ndi kuzitentha.