Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Envelopu yomwe inagona m'dirowa

Zikomo nonse amene munandipepesa pa nkhani ya maliro a bambo m'gawo lapitalo, makamaka mayi a ku Leeds amene munati munawerenga mukulira. Ambiri mwafunsa kuti kalaliki wa MSCE yokha anapanga bwanji database ya pachipatala, ndiye kuti kaundula wa m'kompyuta. Ndiyankha lero, koma ndiyambira pa mwana wina, chifukwa pakadapanda iyeyo kompyuta ija sindikadayikhudza n'komwe.

Nditasiya golosale ya malume aja, zaka zitatu zinatha ndikungodzaza makaundula pachipatala. Kenako mu July 2011 boma linayambitsa Option B+: mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ka HIV, ayambe ma ARV pompo, moyo wake wonse, osadikira CD4, kuyeza kwa chitetezo cha m'thupi. Dziko lathu ndilo linayamba zimenezi ena onse asanayambe. Mzere pakhonde unatalika. Mwana wa mayi wotere tinkamutsegulira khadi la pinki, ankamwa nevirapine, mankhwala omuteteza ku kachilombo, masabata 6, kenako ankayamba Bactrim womuteteza ku matenda ena, n'kumutenga timadontho ta magazi pa kapepala ka DBS kuti akaone ngati ali ndi kachilombo. Kakauma kankapita ku labotale yakutali pa njinga yamoto, zotsatira n'kubwera mu envelopu. Ankadzamuyezanso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24.

Tsono mayi mmodzi yemweyo anali ndi nambala ina ku sikelo, ina ku matenite, ina ku ART kolandirira ma ARV, mwana wake ndi nambala yakeyake. Mabuku anayi, m'zipinda zinayi.

Mayi wa mwana ndanena uja ankachokera kutsidya kwa mtsinje. Anabwera koyamba, mwana ali kumbuyo, kakang'ono, kovala chipewa choluka chachikasu. "Achimwene, za mwanayu zabwera?" Ndinatsegula kaundula, malo a zotsatira anali opanda kanthu. "Sizinabwere, amayi. Mudzabwerenso mwezi wamawa." Mwezi wamawawo anabweradi. Mwana ankatsokomola, mkamwa muli zoyera. Ndinatsegula buku lomwelo, ndinayankha zomwezo. Anandithokoza. Mpaka lero chimandipweteka n'chimenecho, kuti anagwada pang'ono n'kundithokoza.

Ulendo wachitatu anabwera yekha, kudzatenga mankhwala ake. Chitenje choberekera anangochikoleka paphewa. Sanandifunse kanthu, nanenso sindinafunse. Anatulutsa buku la kuchipatala la mwanayo n'kuliika pa tebulo langa, akuti mwina tikulifuna.

Patapita masiku ochepa ndinkafuna mafomu atsopano m'dirowa ya pansi. Pansi pa mafomuwo panali envelopu yosatsegula. Dzina la mwana uja linali lachitatu pa pepala, ndipo anali ndi kachilombo. Deti la pa envelopu linali la mayi uja asanabwere ulendo wachiwiri. Tsiku lomwe ndinkamuuza kuti sizinabwere, zinali pafupi ndi bondo langa. Amene anaiponya m'dirowamo sindimutchula. Ine ndinayang'ana m'buku mokha, ndipo gawo langa pa imfa imeneyo ndimalivomera. Sabata imeneyo nsima sinkadutsa pakhosi. Mayi a ana ankangoti ndikudwala malungo.

M'chipinda cha ma rekodi munali kompyuta yakale yokhala ndi Microsoft Access, pulogalamu yopangira database. Ndinayamba kutsalira madzulo. A Sisita aakulu aja, amene munawadziwa m'gawo 7, ndiwo anandiuza kuti ndijambule kaye pa pepala njira yonse imene magazi a mwana amayenda. Tinapeza madeti anayi: tsiku lotenga magazi, lotumiza, lolandira zotsatira, ndi lomuuza mayi. M'kaundula deti lachinayili linalibe ndi malo omwe.

Ndinapanga matebulo atatu, ndiye kuti mindandanda ya m'kompyuta: la amayi, la ana, la magazi. Mayi nambala imodzi, ana ake onse akoledwe pa nambala yomweyo, ngakhale mapasa. Mwana aliyense akoledwe ku magazi ake onse. Achimwene amene munalemba kuti Excel inali yokwanira, ndinayamba ndi Excel yomweyo. Mayi wa mapasa ndinkamulemba kawiri, akasintha mudzi ndinkakonza pamodzi n'kuiwala penapo. Ndipo inu munati bwanji osagwiritsa DHIS2, database ya unduna wa zaumoyo: kumeneko tinkatumizako ziwerengero za pamwezi. Imakuuzani kuti ana angati sanalandire zotsatira, koma ine ndinkafuna kudziwa kuti ndi mwana wa ndani, amakhala kuseri kwa chigayo chiti.

Fomu yoyamba ndinaidzaza mafunso, mpaka mpingo wa mayi ndi sukulu yomwe analekezera. Anamwino anaikana, ndipo sanalakwe, munthu ali ndi mzere panja. Ndinadula, n'kusiya zokhazo zimene wina angachitepo kanthu. Maina a midzi ndinawaika osankha pa mndandanda, chifukwa mudzi umodzi unkalembedwa mitundu itatu. Deti lolandira likakhala la m'mbuyo kuposa lotenga magazi, fomu inkakana. Ndinaikanso malo olemba chizindikiro cha nyumba: mjigo, tchalitchi, mtengo wa mango. Mabuku sitinawataye, magetsi athuwa mukuwadziwa. Lachisanu lililonse ndinkakopera zonse pa flash, a Sisita n'kuitsekera mu kabati.

Mtima wa zonse unali query imodzi, ndiye kuti funso lomwe umaifunsa database, yomwe ndinaitcha Lolemba. Inkatulutsa ana amene magazi awo anapita kalekale osabwera yankho, ndi amene yankho linabwera koma deti lachinayi lili lopanda kanthu. Alangizi a zaumoyo ankagawana mainawo n'kukwera njinga. Pa msonkhano wa gulu loona za ubwino wa ntchito, tonse tinkaloza chala ku labotale. Titawerengera masiku pakati pa madeti anayiwo, tinaona kuti gawo lalikulu la kuchedwa linali pakhomo pathu pomwe, envelopu itafika kale. Tinagwirizana kuti izitsegulidwa tsiku lomwelo, anthu awiri asaine. Tchati cha pakhoma chinalibe dzina la munthu, masiku okhaokha, ndipo mzere wake unayamba kutsika mwezi ndi mwezi.

Bwana wina amene ankati kalaliki ntchito yake n'kulemba basi, osaganiza, ndiye anadzanyamula tchati chomwecho kukachionetsa ku msonkhano wa ku boma ngati chake. Ndikudziwa mumawerenga, bwana. Za alawansi sindikudandaula. Chomwe sindinakukhululukireni n'chakuti atakufunsani chinayambitsa ntchitoyi n'chiyani, simunamutchule mwana uja.

Ine ndinamulemba kukhala nambala 1. Popeza deti lake lachinayi linalibe kanthu, ankatuluka pamwamba pa pepala Lolemba lililonse, ndipo ndinkamusiya dala. A Sisita anapirira miyezi iwiri. Tsiku lina anakoka mpando n'kukhala pambali panga. "Mwananga, alangizi akumufunafuna mwana ameneyu. Ika malo olemba mathero a mwana aliyense: ali bwino, anasamuka, anasowa, anamwalira." Ndinaika. Anadikira pomwepo mpaka ndinasankha liwu lomalizalo ndi dzanja langa.

Gawo 10 ndidzakuuzani za tsiku lomwe kompyuta ija inapsa ndi mphenzi, mayi a ana ali ku matenite.