Mmene ndinasankhira foni ya mabatani ya malume a ku Chilwa

Malume anga amapha nsomba pa nyanja ya Chilwa, cha ku Kachulu m'boma la Zomba, ndipo foni m'manja mwawo siikhalitsa. Ina inagwera m'madzi osefukira m'bwato, ina anaikhalira ili m'thumba la kumbuyo. Zimene amafuna pa foni n'zochepa: kuimbira amayi ogula nsomba zouma, kuona meseji yoti ndalama yalowa, tochi ya usiku, ndi wailesi akamasoka ukonde. Za WhatsApp alibe nazo ntchito. Atandituma kuti ndiwapezere "yolimba, yosamva kugwa", ndinadziwiratu kuti ndikufuna ya mabatani, zija ena mpaka pano amazitchabe Mose wa lero.

Ndisanakwere minibasi ya ku Limbe ndinayamba ndawaimbira kudzera pa foni ya mwana wawo. Funso linali limodzi: kumene mumagona, kudoko, ndi pakati pa nyanja, imagwira ndi layini iti? Anati zimasinthana, pena Airtel pena TNM, kutengera pamene waima. Apo nkhani ya foni ya layini imodzi inathera pomwepo. Palinso chifukwa china chofunira ya malayini awiri: ogula nsomba ena amatumiza ndalama pa Airtel Money, ena pa Mpamba, ndipo msodzi sangauze kasitomala kuti akasinthe kaye. Zonse ziwirizi sizifuna intaneti. Umangoyimba *211# kapena *444#, kenako n'kumatsatira manambala, ndiye kafoni ka mabatani kamachita ntchitoyi mofanana ndi foni ya mtengo wa ng'ombe.

Ku Limbe nditangonena kuti ndikufuna yolimba, wogulitsa woyamba anatulutsa chifoni chachikulu chobiriwira, cha labala m'mbali monse, cha mlongoti pamwamba ndi tochi ziwiri. "Iyi ndiye ya asilikali, achimwene. Mutha kuiponda ndi galimoto." Pa bokosi panalembedwa IP68, ndiponso kuti batire lake ndi la 10,000 mAh (mAh ndi muyezo wa moto umene batire limasunga).

Zilembo za IP zili ndi tanthauzo lenileni, ndipo ndi bwino kulidziwa musanalipire. Nambala yoyamba imanena za fumbi. 6 ndiye kuti fumbi sililowa n'komwe. Yachiwiri imanena za madzi: 7 ndiye kuti foniyo ipirira itamira mita imodzi kwa mphindi 30, pamene 8 ndi kupitirira pamenepo malinga ndi zimene oipanga analonjeza. Koma kudinda zilembozi pa bokosi aliyense angathe. Ndinapempha kuti atsegule kumbuyo. Chivindikiro chinang'ambuka ndi chikhadabo basi, mkati mulibe kamzere ka labala kozungulira batire, pobayira tchaja pali yasa popanda chotsekera. Foni ya mabatani yoti madzi asalowe kawirikawiri imakhala ndi zinthu zimenezi, ndipo nthawi zambiri chivindikiro chake chimamangidwa ndi sikuluwu kapena sichitseguka n'komwe. Batire nalo ndinalinyamula m'dzanja: lopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu. Pawabanki yeniyeni ya 10,000 mAh imalemera m'thumba, aliyense amene anaigwirapo akudziwa. Labala ija inali yongokometsera. Ndinathokoza n'kupitirira.

Mafoni a mabatani olimbadi alipo. Nokia 800 Tough, yomwe inatuluka mu 2019, ndi ya IP68 yeniyeni, ndipo kunalinso a Cat monga B35. Ndinawaganizira, koma ndinawasiya pa zifukwa ziwiri. Choyamba, m'mashopu amene ndinalowa munalibe, kutanthauza kuti tsiku limene sikirini idzasweke, wokonza mafoni wa ku Jali kapena ku Zomba sadzakhala ndi yosinthira. Kampani ya Bullitt, imene inkapanga mafoni a Cat, inatseka kumayambiriro kwa 2024, ndiye zipangizo zake zizingosowerasowera. Chachiwiri, batire la 800 Tough ndi lomatira mkati. Likatopa sungangogula lina pamsika n'kuvundikira wekha.

Apa ndi pamene maganizo anga anakhazikika. Kwa munthu wokhala ngati malume, foni yolimba ndi imene ikawonongeka imakonzeka pafupi, tsiku lomwelo, ndi ndalama yochepa. Anthu amakumbukira Nokia 3310 ya mu 2000 ndi 1100 ya mu 2003 ngati mafoni osafa, koma nawonso ankasweka. Kungoti ikagwa inkamwazika chivindikiro uku, batire uko, mabatani kwina, iwe n'kutolera n'kubwezeretsa, n'kuyaka. Chimene chathyoka unkachipeza pa tebulo la wogulitsa aliyense. Ndinayamba kufunafuna foni ya khalidwe limenelo pakati pa zimene zadzaza m'mashopu masiku ano: itel, Tecno ndi Nokia 105.

Pa batire ndinafunsa mafunso awiri okha: kodi limachoka, nanga lina longa ili muli nalo panopa? Mafoni ambiri ang'onoang'ono amalowa batire la mtundu wa BL-5C kapena lofanana nalo, la pafupifupi 1,000 mAh, lomwe limapezeka ngakhale pa misika ya kumidzi. Alipo ena a itel ndi Tecno a batire lalikulupo, lokhalitsa masiku ambiri, ndipo kwa munthu amene amalipira kuti atchajitse ku babashopu ya sola, zimenezo n'zokopa. Komabe mabatire awiri ang'ono amaposa limodzi lalikulu: lina likakhala mu foni, lina limatsala kumtunda likutchajidwa pa kachipangizo kaja kopanira batire. Dziwaninso kuti masiku amene amalemba pa bokosi amawerengera foni yongokhala pamalo pamene netiweki ili yodzaza. Pakati pa nyanja, pamene foni imakhalira kusakasaka nsanja, batire limatha msanga, ndipo wailesi ndi tochi zimadya zawo.

Kenako ndinachedwa pa mabatani, mpaka mnyamata wa m'shopu yachiwiri anayamba kundiyang'ana ngati wopanda ndalama. Zala za malume ndi zokhakhala, zikuluzikulu, maso nawo ayamba kuchita chifunga. Mabatani ophwatalala, ogundana, sangathe nawo. Ndinasankha otukuka, otalikirana, oti ukadina umamva kuti thwa, komanso oyaka usiku. Ndinayang'ananso ngati manambala analembedwa ndi penti ya pamwamba, chifukwa imeneyo imafufutika pakangopita miyezi, munthu n'kumadina mongoyerekeza. Sikirini ndinatuluka nayo pakhomo kuti ndione ngati ikuwerengeka padzuwa. Mkati mwa shopu iliyonse imaoneka yowala.

"Achimwene, ndingaikemo layini yanga ndiyimbe?"

"Ikanimo bwana, palibe vuto."

Wogulitsa amene wakana zimenezi musamutaire nthawi. Ndinaimbira mnzanga ndili pakati pa phokoso la maminibasi, kumufunsa ngati akundimva bwino, kenako n'kumuuza kuti andiimbire kuti ndimve kulira kwake ndi kunjenjemera kwake ili m'thumba. Ndinasinthira layini ija pa malo achiwiri n'kubwerezanso, poti zimachitika kuti malo amodzi amakhala akufa. Wailesi ndinaiyatsa popanda mahedifoni. Pa mafoni ena chingwe cha mahedifoni ndicho chimakhala mlongoti, ndiye popanda icho wailesi siilira. Panyanja chingwe chotere sichitha sabata.

Ndisanatulutse ndalama ndinayimba *#06#. Pa sikirini pamabwera nambala yozindikiritsa foniyo, yotchedwa IMEI, ya manambala 15, ndipo foni ya malayini awiri imaonetsa ziwiri. Zimenezi ziyenera kufanana ndi zolembedwa pa bokosi ndi pa kapepala kamene kali pansi pa batire. Zikasiyana, kapena kapepalako kakaoneka kuti kanamatidwa pamwamba pa kena, foniyo ndi yonamizira dzina kapena yakale yovekedwa chikhokho chatsopano. Mafoni otchuka ndi amenenso amaberedwa dzina kwambiri, ndiye ikakhala yotchipa modabwitsa poyerekeza ndi mashopu oyandikana nawo, funsani mtima kawiri.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg anali atanena kuti atha kutumiza yake yakale pa basi. Ndinamukaniza mwaulemu. Mafoni ena ogulidwa kunja amakhala okhomedwa ku kampani imene inawagulitsa, ndipo ukaikamo layini ya kuno amangopempha nambala yotsegulira. Ndalama yotsegulitsa ndi ya transipoti zikaphatikizana, kuli bwino kugula yatsopano konkuno ndi lisiti lake.

Tchaja ndinaonetsetsa kuti ndi ya micro-USB, ija yopezeka paliponse pamene amatchajitsa mafoni, osati ya kamsomali kowonda ya ma Nokia akale imene ikatayika umayendera midzi. Pa lisiti ndinapempha kuti alembe IMEI, tsiku, ndi masiku amene ndingabweze ikavuta. Mtengo sindiutchula pano chifukwa kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa lero sukhala wa mwezi wamawa. Funsani m'mashopu angapo oyandikana, mudzaona pamene pali pakati.

Layini yakale ya malume inapulumuka m'madzi muja, monga zimakhalira nthawi zambiri, kungoti inali yodulidwa yaing'ono pamene foni yatsopano imalowa yaikulu. Kafelemu kapulasitiki koikamo ndinagula pomwepo. Layini yachiwiri sindinagule ndekha. Kuyambira mu 2018 lamulo limafuna kuti layini iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika, ndipo ndikanailembetsa m'dzina langa, tsiku lodzatayika kapena loiwala PIN ya ndalama ndikanayenera kudzaonekera ndine. Ndinadikira mpaka titapitira limodzi kwa ejenti, iwo ndi chiphaso chawo.

Ntchito yotsala tinaichitira pakhonde pawo. Manambala onse ndinawasunga pa layini, osati mu foni, kuti foni ikafa asafe nayo, ndipo ndinawalembanso m'kope la mwana wawo. Maina ndinalemba momwe iwo amaitanira anthuwo, "Make Chisomo", "Wa matemba", osati maina a pa chiphaso. Batani la 2 ndinaliika kuti akalidina n'kugwira liziimbira azakhali, la 3 ine. Ndinazimitsa dikishonale yolosera mawu a Chingerezi, ija imene ukafuna kulemba "ndafika" imakubweretsera zosamveka. Loko ya mabatani ndinaiika kuti izidzitseka yokha, apo ayi mayunitsi amathera m'thumba.

Ndinawaonetsanso mofufutira mameseji. Timafoni timeneti timasunga ochepa, ndipo bokosi likadzadza ndi otsatsa malonda, meseji yoti ndalama yalowa siifika, munthu n'kukangana ndi kasitomala amene walipira kale. "Malume, ndipo mukalandira meseji yoti 'ndalama ija tumizani pa nambala iyi', kapena wina akuimba kuti ndi wa kampani akufuna PIN yanu, mudule. Muyambe mwaimbira ine." Anaseka kuti zimenezo anazimva kale pa wailesi.

Za madzi tinathana nazo ndi botolo lapulasitiki la chiponde, la chivindikiro chopota, lomwe foniyo imalowamo bwinobwino. Likatsekedwa limayandama, ndipo anatenga kansalu n'kulimangirira ku thabwa la m'bwato. Kulira kumamveka ndithu ngakhale ili mkatimo. Ikadzanyowabe, ndinawauza kuti achotse batire nthawi yomweyo osayesa kuyatsa, aitsegule yense, aiumike pamthunzi pamene pakupita mphepo kwa masiku awiri kapena atatu, kenako ayesere ndi batire lachiwiri lija.