Ka Datsun kanga kanathyoka difu pa mzere woyambira

Tsiku limenelo pa mpikisano wa drag sindinayende ngakhale mamita awiri. Getsi lobiriwira litangoyaka ndinasiya kilachi, kumbuyo kunangomveka phwaa, injini nkumalira yokha galimoto ili phee pomwepo, oyilo wa mu difu, bokosi la magiya lopereka mphamvu ku matayala a kumbuyo, akuyenderera pansi. Anzanga anachita kundikankha kundichotsa mu njira, ine manyazi mpaka kusowa poyang'ana.

Ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Miyezi yonse mutu unali pa injini basi, ndinachotsa A12 imene Datsun 1200 imabwera nayo nkuikamo ina yaikulu ya turbo, koma difu ndi mashafuti a kumbuyo ndinasiya omwewo a ku fakitale, zitsulo za m'ma 1970 zopangidwira injini ya mahosipawa pafupifupi 70. Ndiye mumayembekezera chani?

Kwa amene drag simuidziwa, ndi magalimoto awiri pa msewu wowongoka wa mamita 402, kota ya mailo, malo ena amathamanga theka lake, mamita 201. Palibe kona, palibe kudutsana mochenjera. Ukamaliza amakupatsa kapepala ka nthawi zako, ndipo nambala imene akatswiri amayamba kuyang'ana si ya kumapeto ayi, ndi ya mafiti 60 oyambirira, ndiye kuti mamita 18 okha. Ukataya nthawi pamenepo matayala akungozungulira pamodzimodzi ndi utsi, kutsogoloko suibwezanso olo injini ikhale yolusa bwanji.

Apa ndi pamene timagalimoto takale timakomera. Datsun 1200 kulemera kwake ndi makilogalamu 700 ndi kenakake, ndipo imakankha ndi matayala a kumbuyo, chimodzimodzi Toyota Starlet KP61 ndi Ford Escort Mk1 kapena Mk2. Galimoto ikamadzuka mwamphamvu kulemera kumathamangira kumbuyo nkukanikiza matayala omwe akukankhawo, ndiye amagwira msewu bwino. VW Beetle ndiye inachita mwayi, injini ili kumbuyo kwenikweni, nchifukwa chake kachikumbu kooneka kofatsa kamatha kusiya zimagalimoto zazikulu pa mzere woyambira. Mini ya 1959 ija ndimaikonda koma imakoka ndi a kutsogolo, ikamadzuka mphuno imapepuka matayala nkumaterera, ntchito yake ndi ina.

Za kulemera, anthu a drag amati ukachotsa makilogalamu 45 wapindula pafupifupi 0.1 ya sekondi. Mipando ya kumbuyo, kapeti, sipeya, wailesi, zonse kunja, batire nkulisamutsira ku buti. Zimenezi ndi zaulere koma ine ndinathamangira turbo, kaya chinandigwira nchani.

Panopa ndayambira kumbuyo. Ndapeza difu ya Ford 9-inch, imene anthu ambiri a drag amadalira chifukwa siithyoka wamba komanso magiya ake ndi osavuta kusintha, koma ndi yotambalala kwambiri pa kagalimoto kangaka ndiye iyenera kudulidwa nkuwotchereredwa bwino, isapindike olo pang'ono. Kenako masiliki, matayala opanda mizere aja, amawaika mpweya wochepa kuti aphwatalale pansi ndipo usanayambe umawawotcha kaye ndi burnout, kuwazungulitsa pamodzimodzi mpaka utsi, kuti rabala ifewe izimata. Koma masiliki akagwira, vuto lina limabadwa, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo pali mamita 2.3 okha, kagalimoto kafupi kotere kamadzutsa mphuno m'mwamba kapena kukhotera kumbali mosachenjeza, mpake ambiri amaika timatayala ting'onoting'ono tochirikiza kumbuyo.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi bodi. Kuti matayala otambalala alowe ndiyenera kucheka malata a mkati mwa ma mudguard, ndipo Datsun ya zaka zoposa 50 ukaicheka basi yapita, siibwereranso momwe inalili. Mnzanga wina akuti ndikuononga chinthu chosowa, ndigule chabe chakutha kale ndicheke chimenecho. Mwina akunena zoona. Koma nditakweza kapeti ndinapeza dzimbiri ladya pansi mbali ya dalaivala mpaka kuona msewu, ndipo roll bar, chitsulo choteteza dalaivala galimoto ikagubuduzika, imene malamulo a NHRA, bungwe la drag la ku America, amafuna ukayamba kuthamanga mamita 402 pa masekondi 11.49 kapena kuchepera apo, sungaiwotcherere pa lata lofumbwa chonchi. Ndiye kucheka kulipo ndithu, funso langotsala loti mpaka pati. Loweruka ndikuyamba ndi pansi pa mpando, turbo ija ndaikulunga mu nsalu ili pa shelefu.